Chipukutamisozi cha wovulala chisathere kwa a inshulansi

M'mwezi wa Januwale 2007, James McCutchen, yemwe ankagwira ntchito kukampani ya ndege ya US Airways ku America, anavulala kwambiri dalaivala wina atalephera kuwongolera galimoto n'kuwomba yake. Thumba la zachipatala la kuntchito kwake linalipira madola 66,866 pa chithandizo chimene analandira. Dalaivala wolakwayo anali ndi inshulansi yochepa, ndipo popeza ovulala pangoziyo anali angapo, McCutchen anangopatsidwako madola 10,000, kenako inshulansi ya galimoto yake inamuwonjezera madola 100,000. Zonse zimene ngoziyo inamuwonongera ankaziwerengera kuti zikuposa madola 1 miliyoni, koma ndalama imene inapezeka ndi madola 110,000 basi. Maloya atachotsapo gawo lawo la 40 peresenti, lomwe linali madola 44,000, iye anatsala ndi madola 66,000, ndipo apa mpamene kampaniyo inabwera kudzaitanitsa madola 66,866 onse amene thumba lake linalipira kuchipatala. Ndiye kuti munthu amene anaphwanyika thupi akanabweza khobidi lililonse la chipukutamisozi chake, n'kutsalanso ndi ngongole ya madola 866, chifukwa chabe chakuti analimba mtima kukafuna chilungamo kwa amene anamuvulaza.

Mchitidwe umenewu, umene maloya a kumeneko amautcha subrogation, si wachilendo ndipo malamulo amaulola. M'dziko limene chithandizo chakuchipatala n'chodula kwambiri, ndipo anthu ambiri amadalira inshulansi imene amaipezera kuntchito, mapangano ambiri a inshulansi ya zachipatala amakhala ndi ndime yonena kuti munthu akavulazidwa ndi wina n'kulandira chipukutamisozi, azibweza ndalama zimene a inshulansi anamulipirira. Ine sindikutsutsa zobwezazo pazokha. Chimene ndikutsutsa n'chakuti a inshulansi azikhala oyamba pamzere, wovulala n'kumadikira zotsala, komanso kuti malire amene malamulo anaika pofuna kuteteza wovulalayo azifufutika ndi chiganizo chimodzi cholembedwa m'pangano limene wantchito sanakambirane nawo ngakhale mzere umodzi.

Mfundo ya a inshulansi ili ndi mutu, ndipo tiyenera kuimvetsera tisanaikane. Iwo amati ngati chipatala chinalipiridwa kale ndi thumba la kuntchito, kenako wolakwa n'kuperekanso ndalama za chipatala chomwecho kwa wovulala, ndiye kuti wovulalayo walandira kawiri pa chinthu chimodzi. Amatinso thumba la zachipatala ndi la antchito onse, kotero ndalama iliyonse imene yabwerera m'thumbamo imathandiza kuti zimene antchito amadulidwa mwezi ndi mwezi zisakwere. Pamene wolakwa ali ndi chuma kapena inshulansi yokwanira, ndipo wovulala walandiradi zonse zimene anataya, palibe chifukwa chomveka chakuti asunge ndalama ya bilu imene sanailipire yekha. Pamenepo a inshulansi akulondola.

Koma milandu yochuluka imene imafika m'makhoti siikhala yotero. Chipukutamisozi sichikhala cha bilu ya kuchipatala yokha. Mkati mwake mumakhala malipiro amene munthu wataya pamene anali chigonere, malipiro a zaka zam'tsogolo ngati sadzathanso kugwira ntchito, mtengo wa omusamalira ndi zipangizo monga njinga ya olumala, ululu umene wamva, ndiponso moyo umene wasintha mpaka kalekale. Ndipo kawirikawiri ndalama imene imaperekedwa imathera pamene inshulansi ya wolakwayo yathera, osati pamene kuvulalako kwafika. Munthu amene wataya zinthu za madola 1 miliyoni n'kulandira madola 110,000 sanalandire kawiri chilichonse, chifukwa sanalandire n'komwe kamodzi. A inshulansi akatenga bilu yawo yonse pa ndalama yoteroyo, amakhala akutenga ndalama imene inali ya lendi, ya chakudya cha ana ndi ya chisamaliro cha mawa, pomwe iwo anali atalandira kale ndalama za mwezi ndi mwezi polonjeza kusenza mtolo ngati womwewu ukadzagwa.

Makhoti anazindikira vutoli kalekale, ndipo anakhazikitsa mfundo ziwiri zachilungamo. Yoyamba imati a inshulansi asatenge kanthu mpaka wovulala atabwezeredwa mokwanira zonse zimene anataya, chifukwa ngati ndalama zaperewera ndipo wina ayenera kuluza, aluze amene analipidwa kuti asenze ngoziyo. M'chigawo cha Wisconsin, kuchokera pa mlandu wa Rimes wa mu 1982, woweruza amatha kukhala pansi n'kumva umboni pofuna kupeza ngati wovulala wabwezeredwadi mokwanira, a inshulansi asanakhudze ndalamayo. Mfundo yachiwiri imati amene akupindula ndi ndalama imene loya wa munthu wina waivutikira ayenera kusonkhako pa malipiro a loyayo. Ku America milandu ya ngozi imayenda mwakuti loya amalipidwa pokhapokha mlandu ukapambana, ndipo amatenga gawo la zimene zapezeka, nthawi zambiri limodzi mwa magawo atatu kapena 40 peresenti. A inshulansi amene akufuna bilu yawo yonse popanda kusonkhako ali ngati munthu amene sanakoke nawo khoka koma akufuna kuyamba ndiye kusankha nsomba.

Zigawo zambiri zinapitirira pamenepo n'kulemba malire m'malamulo awo. Ku Virginia lamulo limaletsa kuti pangano la inshulansi ya zachipatala likhale ndi ndime yotereyi. Ku Georgia a inshulansi amabwezeredwa pokhapokha ngati chipukutamisozi chaposa zonse zimene wovulala anataya, ndipo ngakhale pamenepo amachotseredwa gawo lawo la malipiro a loya. Ku California a inshulansi sangatenge zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama za wovulala ngati anali ndi loya, kapena zoposa theka ngati analibe. Ku New York lamulo la mu 2009 limati mlandu ukatha mwa mgwirizano, ziziganiziridwa kuti ndalama yoperekedwayo ilibe gawo la bilu imene a inshulansi analipira, motero alibe poyambira kuitanitsa. Njira zake n'zosiyana, ndipo munthu akhoza kukonda ina kuposa inzake, koma zonse zikuvomereza kuti wovulala sayenera kutuluka m'khoti chimanjamanja.

Chomvetsa chisoni n'chakuti malamulo onsewa safika kwa antchito ambiri a m'dzikolo. Mu 1974 nyumba ya malamulo ya Congress inakhazikitsa lamulo lotchedwa ERISA, lomwe cholinga chake chachikulu chinali kuteteza penshoni ndi zina zimene antchito amalandira kuntchito. Lamuloli limaposa mphamvu malamulo a zigawo pa nkhani za matumba a antchito. Linasiyira zigawo mphamvu yoyang'anira makampani a inshulansi, koma linanenanso kuti thumba limene bwana amalipira yekha kuchokera m'chuma cha kampani yake lisatengedwe ngati kampani ya inshulansi. Mu 1990, pa mlandu wa FMC Corporation ndi Holliday, khoti lalikulu la Supreme Court linagamula kuti lamulo la ku Pennsylvania loletsa kubweza ndalama pa ngozi za pamsewu silingagwire ntchito pa thumba lotere. Lero, malinga ndi kafukufuku amene bungwe lofufuza za zaumoyo la KFF limachita chaka ndi chaka, oposa 60 peresenti ya antchito amene ali ndi inshulansi ya kuntchito ali m'matumba amene mabwana amalipira okha. Choncho anthu awiri oyandikana nyumba mumzinda wa Richmond ku Virginia akhoza kuvulala pangozi imodzi, onse atanyamula khadi lokhala ndi dzina la kampani imodzi ya inshulansi, koma wina n'kutetezedwa ndi lamulo la Virginia, mnzake ayi, chifukwa kwa mnzakeyo kampani ya inshulansiyo imangoyendetsa mapepala pomwe ndalama zimachokera kwa bwana. Wantchito sasankha zimenezi, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ali mbali iti mpaka kalata yoitanitsa ndalama itawapeza.

Mlandu wa McCutchen unapereka mwayi wakuti mfundo ziwiri zachilungamo zija zilowe m'matumba amenewa, koma mwayiwo unatayika. Mu Epulo 2013 Supreme Court, m'chigamulo chimene analemba jaji Elena Kagan, inanena kuti mawu a pangano ndiwo amalamula, ndipo mfundo zachilungamo sizingagonjetse zimene zalembedwa momveka. McCutchen anapezako mpumulo pang'ono chifukwa pangano la US Airways silinanene kanthu za malipiro a maloya, kotero khoti linati mfundo yosonkherana idzaze mpata umenewo. Koma aliyense wolemba mapangano anamva bwino phunziro lake: ukangowonjezera chiganizo chonena kuti thumba lidzabwezeredwa zonse, lidzakhala loyamba, ndipo silidzasonkhako kwa loya, mpata uja watsekeka. Ndimalemekeza mfundo yakuti pangano ndi pangano, koma mfundoyo imakhala ndi mphamvu pamene anthu awiri anakhala pansi n'kumvana. Wokonza ndege kapena wopanga zinthu mufakitale sakambirana ndi bwana wake za ndime ya subrogation. Amalembedwa ntchito, amapatsidwa kabuku, ndipo amayamba kudulidwa ndalama.

Zotsatira zake zinaonekera poyera pa mlandu wa Deborah Shank, mayi amene ankagwira ntchito m'sitolo ya Walmart m'chigawo cha Missouri. M'chaka cha 2000 galimoto yake inawombana ndi thiraki, ubongo wake unavulala kotheratu, ndipo anafunika kusamalidwa kwa moyo wake wonse. Thumba la kuntchito linalipira madola 469,216. Kampani ya thirakiyo inapereka madola 700,000, ndipo atachotsa za maloya ndi zina zoyendetsera mlandu panatsala madola 417,477, amene anaikidwa m'thumba lapadera la chisamaliro chake. Thumba la Walmart linasumira banjalo, makhoti anagamula mokomera thumbalo, khoti la apilo linavomereza mu 2007, ndipo mu 2008 Supreme Court inakana kumva mlanduwo. Mwalamulo thumbalo linali ndi ufulu wotenga ndalama zonse za chisamaliro cha mayiyo. Linasiya kuzifuna mu Epulo 2008, anthu atadandaula kwambiri m'manyuzipepala ndi pa wailesi zakanema. N'zabwino kuti kampaniyo inabwerera m'mbuyo, koma chitetezo chimene chimadalira kuti nkhani yako ifike pa kanema wa dziko lonse chimathandiza munthu mmodzi pa anthu miyandamiyanda, ndipo lamulo limene linalola zimenezi silinasinthe.

Malire amene atsala pansi pa ERISA ndi odabwitsa, chifukwa amayang'ana kumene ndalama ili m'malo moyang'ana amene akuyenera kuilandira. Pa mlandu wa Sereboff mu 2006, khoti la Supreme Court linalola thumba kutenga gawo lake popeza ndalama ya chipukutamisozi inali itasungidwa padera ndipo inkadziwika. Pa mlandu wa Montanile mu 2016 zinatembenuka. Robert Montanile anawombedwa ndi dalaivala woledzera mu 2008, thumba linalipira madola oposa 121,000, iye analandira madola 500,000, ndipo khoti linagamula kuti ngati wovulala wawononga kale ndalamayo pa zinthu zosalondoleka monga chakudya ndi maulendo, thumba silingagwire katundu wake wina. Tanthauzo lake n'lakuti amene wasunga ndalama mosamala poganizira za mawa ndiye amalandidwa, pomwe amene waimwaza msanga amapulumuka. Zimapangitsanso matumba kuthamangira kukhoti mwamsanga ndalama isanachoke m'manja mwa loya, m'malo mokambirana modekha ndi munthu amene akuchira. Lamulo lolimbikitsa makhalidwe awiriwa silinaganiziridwe bwino.

Boma lenilenilo limadziwa njira yabwinoko, chifukwa limaigwiritsa ntchito pa mapologalamu ake. Medicare, imene imalipirira okalamba, ili ndi mphamvu zambiri zoitanitsa ndalama zake kuchokera pa lamulo la mu 1980, komabe imachotsera gawo lake la malipiro a loya ndi zoyendetsera mlandu. Pa Medicaid, imene imalipirira osauka, chigamulo cha mu 2006 pa mlandu wa Ahlborn ndicho chimene ndimachiona kuti chinafika pafupi kwambiri ndi chilungamo. Mtsikana wa zaka 19 wa ku Arkansas anavulala mutu pangozi ya galimoto mu 1996, ndipo Medicaid inalipira madola 215,645. Mbali zonse zinavomereza kuti mlandu wake unali woyenera madola oposa 3 miliyoni, koma unatha mwa mgwirizano wa madola 550,000, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Majaji onse asanu ndi anayi a Supreme Court anagwirizana kuti chigawo cha Arkansas chitenge pa gawo la zachipatala lokha, lomwe linali madola 35,581, ndipo chisakhudze za malipiro otayika ndi za ululu. Nzeru yake ndi yakuti ngati ndalama zaperewera, aliyense aluze mofanana: wovulala walandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a zimene anataya, wolipira chipatala nayenso alandire chimodzimodzi.

Ngakhale malire amenewa anaphwasulidwako mu Juni 2022. Pa mlandu wa Gallardo, wokhudza mtsikana wa zaka 13 wa ku Florida amene anawombedwa ndi galimoto atangotsika basi ya sukulu mu 2008 n'kukhala chikomokere, majaji asanu ndi awiri anagamula kuti chigawo chikhoza kutenganso pa ndalama zoikidwira chithandizo cha m'tsogolo pofuna kubweza bilu yakale. Pa madola 800,000 amene banjalo linalandira, Florida inkafuna madola 300,000, pomwe gawo la chithandizo chakale linali madola 35,367. Jaji Sonia Sotomayor ndi jaji Stephen Breyer anatsutsa chigamulocho, ndipo ine ndili mbali yawo, chifukwa ndalama ya chisamaliro cha mawa ikatengedwa lero, mwanayo adzabwereranso ku Medicaid komweko msanga kuposa mmene zikanakhalira.

Tibwerere ku mfundo yakuti kubweza kumathandiza antchito onse. Tiyerekeze kuti ndi zoona ndithu, ndipo khobidi lililonse lobwezedwa limatsitsa zimene ena amadulidwa. Funso n'lakuti kutsikako akukulipira ndani. Akukulipira ndi anthu ochepa amene avulala koposa onse, amene bilu zawo n'zazikulu ndipo chipukutamisozi chawo n'choperewera. Inshulansi inakhazikitsidwa kuti tsoka la munthu mmodzi ligawidwe kwa anthu ambiri, aliyense asenzeko pang'ono. Ndime yolola thumba kukhala loyamba pamzere imachita zosiyana ndi zimenezo, popeza imachotsa mtolo pa anthu ambiri athanzi n'kuubwezera pa mmodzi amene wagona m'chipatala. Ndiponso mchitidwewu umadzipweteka wokha. Wovulala akaona kuti zonse zimene angapeze zidzapita ku thumba, alibe chifukwa chovutikira ndi mlandu wa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo loya wanzeru adzamuuza zoona zake. Mlandu ukapanda kuyamba, thumba silipeza kanthu, wovulala sapeza kanthu, ndipo wopindula yekha ndi wolakwa pamodzi ndi kampani yake ya inshulansi.

Mayiko ena anasankha kuti mkanganowu usadutse m'thumba la wovulala. Ku Britain, kuyambira mu 2007, amene akulipira chipukutamisozi pa kuvulala kwa munthu amalipiranso payekha ndalama za chithandizo cha NHS, dongosolo la zipatala za boma la kumeneko, motsata mitengo yoikika imene ili ndi malire, ndipo ndalamayo siichotsedwa pa zimene wovulala walandira. Dongosolo la zaumoyo la kumeneko n'losiyana kwambiri ndi la ku America, kotero silingangokopedwa mmene lilili, koma likuonetsa kuti n'zotheka kubwezera wolipira chipatala popanda kumulimbanitsa ndi wodwala wake.

Kwa abale athu amene akugwira ntchito ku America, m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba, m'mafakitale ndi m'masukulu, nkhaniyi ili pakhomo. Munthu akavulala pangozi, asanasaine mgwirizano uliwonse wa chipukutamisozi, ayenera kudziwa ngati thumba lake ndi lolipiridwa ndi bwana kapena ndi inshulansi yogulidwa kukampani, chifukwa yankho la funso limeneli ndilo limanena ngati lamulo la chigawo chake limuteteza. Ayeneranso kupempha mwa kalata chikalata chonse cha pangano, osakhutira ndi kabuku kachidule kamene amagawa kuntchito. ERISA imakakamiza woyang'anira thumba kupereka zikalatazo, ndipo akapitirira masiku 30 osapereka, khoti likhoza kumulipiritsa mpaka madola 110 pa tsiku. Mawu enieni a panganolo ndiwo amene khoti lidzawerenge, ndipo pamene akusiya mpata, mfundo zachilungamo zija zimalowabe.

Koma kuwerenga pangano mosamala sikungachotse ndime imene inalembedwa kale mosasiya mpata. Supreme Court yanena kuti pangano ndilo lilamule, ndipo zigawo zinamangidwa manja kuyambira mu 1990, kotero amene angakonze zimenezi ndi Congress yokha. Sikufunika kuthetseratu zobweza. Chofunika ndi kuika mu ERISA malire amene pangano lililonse silingawafufute: thumba litenge pa gawo la chithandizo chakale lokha, lichepetse zofuna zake molingana ndi mmene chipukutamisozi chaperewera monga zinachitikira pa mlandu wa Ahlborn, lisonkheko pa malipiro a loya monga imachitira Medicare, ndipo zivute zitani lisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu monga zilili ku California. Mfundo iliyonse mwa izi ikugwira kale ntchito penapake m'dziko lomwelo, ndipo makampani a inshulansi akupitirizabe kuchita malonda ku California, ku Georgia ndi ku Virginia pansi pa malire ofanana ndi amenewa kapena okhwima kuwaposa.